Akadaulo a kubetcha: afunseni za matikiti omwe anafa

Loweruka likamayandikira, pa WhatsApp ndi Facebook pamadzaza anthu odzitcha akadaulo a kubetcha. Amati akudziwa kale momwe masewero a mu ligi ya ku England athere, ena mpaka kulumbira kuti gemu yakutiyakuti ndi yogula. Chawo n'chakuti muwatumizire kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba, akulowetseni m'gulu la VIP.

Umboni wawo umakhala zithunzi za matikiti owina. Chithunzi n'chosavuta kuchikonza pa foni, ndipo ngakhale chitakhala chenicheni, sichikuuzani za matikiti ena omwe anafa sabata yomweyo.

Pali njomba ina yakalekale yomwe imandiwawa kwambiri chifukwa imakola ngakhale ochenjera. Munthu amatenga manambala a foni 90. Anthu 30 amawauza kuti timu ya pakhomo ipambana, 30 kuti igonja, otsalawo kuti afanana mphamvu. Zivute zitani, gulu limodzi liona kuti walosera zoona. Sabata yotsatira amawagawanso patatu anthu 30 aja, n'kutsala 10 omwe amuona akulondola kawiri motsatizana. Amenewa ndi amene amakaika ndalama ya lendi kapena ya feteleza, poganiza kuti apeza mneneri.

Masamu nawo sakondera. Mukasanja magemu 10 pa tikiti imodzi, iliyonse ili ndi mwayi 8 mwa 10 wolowa, mwayi woti onse alowe umatsikira pa 11 mwa 100 basi. Ndiponso mpira sumvera munthu. Pa 22 Novembala 2022 ku Qatar, Argentina ya Lionel Messi, itasewera magemu 36 osagonja, inakwapulidwa 2-1 ndi Saudi Arabia.

Nanga kadaulo weniweni mungamudziwe bwanji? Muuzeni azilemba maulosi ake poyera mpira usanayambe. Inuyo tengani kope, muzilemba onse, olowa ndi ophonya, kwa miyezi iwiri osaikapo ngakhale tambala, kenako muwerengere kuti thumba lanu likanatsala ndi zingati. Woona mtima sakana zimenezi, ndipo mawu oti "iyi singaphonye" satuluka pakamwa pake.

Mumufunsenso komwe iye amadyera. Ena amakukakamizani kulembetsa ku kampani yobetchera kudzera pa linki yawo, chifukwa kampaniyo imawapatsa gawo la ndalama zomwe inu mwaluza. Tikiti yanu ikafa Loweruka madzulo, iwo amakhala apeza ya ndiwo.