Tiyi ndi Odwala Impso

Ambiri a ife tsiku silitiyendera tisanamwe tiyi. Koma impso zikafooka zimalephera kusefa bwino magazi, ndipo chakumwa chimene sichivuta munthu wathanzi chikhoza kupweteka wodwala.

Tiyi wamba wa masamba a ku Thyolo ndi Mulanje, kapu imodzi kapena ziwiri patsiku, kawirikawiri alibe vuto. Choopsa ndi kupyola muyezo. Masambawa ali ndi oxalate, mchere umene umaundana n'kukhala timiyala m'impso. M'chaka cha 2015 madokotala a ku Arkansas, ku America, analemba za bambo wina amene impso zake zinaleka kugwira ntchito chifukwa chomwa makapu 16 a tiyi tsiku lililonse. Shuga nayenso tichepetse, pakuti matenda a shuga amawononga impso.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi zitsamba zogulitsidwa m'misika ndi m'mabasi, zimene ogulitsa amati zimatsuka impso, osanena n'komwe zomwe asakanizamo. Ku Belgium, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 anaonongeka impso atamwa mankhwala azitsamba ochepetsa thupi, momwe munali chomera chotchedwa Aristolochia. Ngakhale chidede chathu chomwechi chimatsitsa kuthamanga kwa magazi, choncho amene akumwa kale mankhwala a BP ayambe afunsa adokotala.

Amene ali pa dialysis akumbukire kuti kapu ya tiyi imawerengedwa pa mlingo wa madzi umene adokotala anawalola kumwa patsiku.