Manchester si mpira wokha

Ukangonena kuti ukupita ku Manchester, funso limakhala limodzi: kodi ukafika pa Old Trafford? Nanenso zinandithera choncho. Sukulu yomwe ndimaphunzitsa ili pa ubale ndi sukulu ina ya mumzindawu, ndipo mwayi wa ulendo wa masabata awiri utandigwera, ana a Fomu 3 anandituma zithunzi za bwalo la mpira basi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakumbukira kuti Manchester yomweyi ndi imene timaitchula m'phunziro la mbiri yakale tikafika pa mutu wa chiyambi cha mafakitale.

Ndinkagona kwa alamu anga omwe amagwira ntchito yosamalira okalamba. Akhalako zaka zingapo, koma nditawafunsa malo oti ndikaone anangotchula awiri: bwalo la mpira ndi Trafford Centre, chinyumba cha masitolo ambirimbiri. "Alamu, kuno timangodziwa njira ya kuntchito ndi ya kutchalitchi," anatero akuseka. Sindikuwanena, ntchito yawo ndi ya usiku ndi usana. Koma popeza mlendo ndi mame, ndinaona kuti ndisadikire wondiperekeza. Zomwe ndinapeza ndi zimene ndikufuna kugawana ndi aliyense amene angakafike kumeneko.

Ku Old Trafford pitani ndithu. Sitima zing'onozing'ono zachikasu zoyenda m'misewu, zotchedwa Metrolink, zimakutulani pafupi. Bwaloli linatsegulidwa m'chaka cha 1910 ndipo mumalowa anthu oposa 70,000. Kuona m'kati n'kolipira, koma kuzungulira panja n'kwaulere. Mukakweze maso pakhoma, mukaona wotchi yokumbukira ngozi ya ndege ya ku Munich ya pa 6 February 1958, yomwe inapha anthu 23, kuphatikizapo osewera 8 a Manchester United. Maola awiri akwana, tsiku lotsalalo musalitaye.

Chomwe chinamanga mzindawu ndi thonje, ndipo nkhani yake imayambira ku Science and Industry Museum, komwe salipiritsa pakhomo. Pamalo amenewa pali siteshoni ya Liverpool Road ya njanji ya pakati pa Liverpool ndi Manchester, yomwe inatsegulidwa mu 1830. Thonje linkafika pa doko la Liverpool kuchokera kutsidya la nyanja, n'kubwera ku Manchester kudzapotedwa ulusi ndi kuwombedwa nsalu zomwe zinkagulitsidwa dziko lonse.

Koma ngati muli ndi tsiku limodzi lokha, ine ndingakutumizeni ku Quarry Bank, m'mudzi wa Styal, kufupi ndi bwalo la ndege la Manchester. Ndi fakitale ya thonje yomwe Samuel Greg anamanga mu 1784 m'mbali mwa mtsinje wa Bollin kuti madzi azizunguza makina. Lero ili m'manja mwa bungwe la National Trust ndipo kulowa n'kolipira. Ena mwa makina akalewo amawayendetsabe kuti alendo aone. Akangowaliza, mnzako ali pambali pako sumumva zomwe akunena.

Chapatali pang'ono pali nyumba yomwe munkagona ana ogwira ntchito m'fakitalemo. Anali amasiye ndi ana a anthu osaukitsitsa, ena a zaka 9 zokha. Ankagwira ntchito maola 12 kapena kuposa pa tsiku, ndipo malipiro awo anali chakudya, zovala ndi pogona. Ankagona awiriawiri pa kabedi kamodzi, phala lawo linali lolimba moti ankangowaikira m'manja. Nditaima m'chipinda chimenecho ndinakumbukira ana athu amene amajomba kusukulu nthawi ya fodya n'kumakagwira ganyu. Ndinakumbukiranso kuti David Livingstone, amene dzina la kwawo tinatchulira mzinda wathu wa Blantyre, nayenso anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ku Scotland ali ndi zaka 10.

Chinandigwira mtima n'chakuti eni malowa sabisa kumene thonjelo linkachokera. Lambiri linkalimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa, ndipo banja la Greg nalonso linali ndi munda wa akapolo pa chilumba cha Dominica. Chuma chomwe timachisirira m'mabuku chinali ndi misozi ya ana a ku Mangalande komanso ya makolo athu akuda.

Mbali ina ya nkhani yomweyi ili pakati pa mzinda, pa Lincoln Square, pomwe pali chiboliboli cha Abraham Lincoln. Mungadabwe kuti mtsogoleri wa dziko la America akufunanji ku Manchester. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, yomwe inayamba mu 1861, thonje la kuminda ya akapolo linasiya kufika, mafakitale anatseka ndipo mabanja ambiri anagona ndi njala. Ngakhale zinali choncho, kumapeto kwa 1862 anthu ogwira ntchito anasonkhana mu Free Trade Hall n'kulembera Lincoln kuti ali naye limodzi pothetsa ukapolo. Iye anawayankha ndi kalata yothokoza mu January 1863.

Malo amene Mmalawi sayenera kuphonya alibe mlonda kapena pogulira tikiti. Pafupi ndi msewu wa Oxford Road, pa Manchester Metropolitan University, pali khoma lakumaso la holo yakale ya Chorlton-on-Medlock. M'holo imeneyi munachitikira msonkhano wachisanu wa Pan-African Congress mu October 1945. Kunali W.E.B. Du Bois, George Padmore, Amy Ashwood Garvey, Kwame Nkrumah, Jomo Kenyatta komanso Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwe panthawiyo ankagwira ntchito ya udokotala ku Britain komweko. Anagwirizana kuti utsamunda uthe, osati ungopepuka. Ghana inalandira ufulu mu 1957, Kenya mu 1963, ife mu 1964. Chokumbutsa zonsezi ndi kachikwangwani kozungulira pakhoma, ndipo ana asukulu amangodutsa ali pa foni. Ine ndinachita kubwerera kawiri ndisanakaone. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukatopa ndi njerwa, kwerani sitima pa siteshoni ya Piccadilly kupita ku Edale, ulendo wosakwana ola limodzi. Kumeneko ndi ku Peak District, dera la zitunda, nkhosa ndi mipanda ya miyala. Phiri lake lalitali, Kinder Scout, ndi la mamita 636, kwa ife odziwa Sapitwa wa mamita 3,002 ndi chulu chabe. Koma nalo lili ndi mbiri. Mu April 1932 anthu wamba mazanamazana anakwera phirili mwadala, kutsutsa eni malo omwe ankaletsa anthu kuyendamo pofuna kuti azisakiramo mbalame. Ena anamangidwa, koma mu 1951 derali linakhala loyamba ku Britain kukhazikitsidwa ngati paki ya dziko lonse. Tengani jekete yamvula ndi nsapato zolimba, chifukwa chiperoni cha kumeneko sichiona mwezi. Kamba wa panjira konzerani kunyumba, mapaundi sachedwa kutha.

Loweruka lomaliza ndinawakoka alamu anga mpaka pa khoma la holo ija. Anawerenga chikwangwanicho kawiri, kenaka anati: "Alamu, basi yanga ya kuntchito imadutsa apa tsiku lililonse." Anajambula chithunzi n'kutumizira ana awo.

Nditabwerera kusukulu, ana anayamba ndi zithunzi za Old Trafford, monga ndinkayembekezera. Koma chomwe chinatenga phunziro lonse ndi cha kabedi ka ana a ku Styal. Mtsikana wina anafunsa chifukwa chake Angerezi amasunga malo owachititsa manyazi. Ndinamuyankha kuti mwina amafuna ana awo asaiwale mtengo wa nsalu. Kenaka ndinafunsa kalasi yonse kuti ndani anafikapo ku Nkhotakota, kumene Jumbe ankasonkhanitsira akapolo owolotsa nyanja. Palibe anakweza dzanja. Ulendo umenewo ndiwo tikusonkhera tsopano.