Kuudyerera Lilongwe ndi thumba lobooka

Pali bodza lomwe lamera mizu mumzinda uno wa Lilongwe, loti chisangalalo n'cha anthu a magalimoto okhaokha. Ati ukakhala wa malipiro ochepa, ntchito yako n'kulawirira m'mamawa, kukanganirana mpando wa minibasi, kuweruka, kudya nsima ya bonya n'kugona. Ati kudya kokoma, nyimbo zabwino ndi macheza a usiku adazitsekera kuseri kwa mipanda ya njerwa ya ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, komwe galu wa pakhomo amadya bwino kuposa mlonda. Ine ndikukana, abale anga. Lero ndati tikambirane m'mene munthu wa thumba lobooka angaudyerere mzinda uno popanda kukagwada kwa akatapila.

Poyamba tidziwe chomwe tikulimbana nacho. Lilongwe adasanduka likulu la dziko lino mu 1975, kulanda udindowu kwa Zomba, ndipo omwe adajambula mapulani ake ankaganizira munthu woyenda pa galimoto. Mzinda adaumwaza ngati mapira: Old Town uku, City Centre ndi Capital Hill uko, pakati pake tchire ndi misewu italiitali. Mabwana adawapatsa mapuloti aakulu pafupi ndi maofesi, ena adatiika ku Kawale, ku Chilinde ndi ku Area 25, enanso tidadzipezera tokha pogona ku Chinsapo, ku Mtandire ndi ku Kauma. N'chifukwa chake mumzinda muno chomwe chimadya ndalama pa chisangalalo ndi ulendo, makamaka ulendo wobwerera kunyumba dzuwa litalowa. Mbale ya nsima ndi botolo la chakumwa zimabwera pambuyo.

Pamwamba pa mtundawo onjezanipo kwacha yathu, yomwe adaichepetsa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pepala la K5,000 lomwe lidatuluka mu 2022 tinkalipinda mwaulemu ngati kalata ya kwa mfumu, koma lero limasungunuka usadatuluke n'komwe mumsika. Mitengo ya zinthu sinditchula muno, chifukwa pomwe nyuzipepalayi izikufikani m'manja ikhala itasintha kale.

Tsono tiyambire pa Msika wa Tsoka, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, kumunsi kwa mlatho waukulu wa ku Old Town. Dzinalo lisakuopseni. Paja akuluakulu adati tsoka silinunkha, koma Tsoka uyu ndiye amanunkhira: fungo la chipisi, la nyama yowotcha, la zovala zongotuluka kumene m'belo. Kuyambira pomwe boma la malemu Bingu wa Mutharika lidachotsa mavenda m'misewu mu 2006, pa ntchito ija adaitcha Operation Dongosolo, misika ya mtundu uwu ndiyo yakhala sitolo yaikulu ya anthu wamba. Ofuna kutchena Loweruka madzulo, kutchenako kumayambira pano. Jekete lomwe mukuliona pa bwana wina ku BICC, musadabwe kumva kuti lidachokera pa mulu womwewu; kusiyana kwake n'koti iwo adatuma mnyamata wa ntchito kudzasankha.

Kugula kaunjika kuli ndi mwambo wake. Tsiku lotsegula belo mumapeza zabwino koma mtengo uli m'mwamba. Mukadikira masiku angapo mtengo umagwa koma zokongola zapita. Wanzeru amafika ndi nthawi yokwanira, amasanthula modekha, amayang'ana m'khwapa ndi m'kolala, ndipo saonetsa mano akapeza chomwe wachikonda. Mukangomwetulira basi, mwadzikwezera nokha mtengo. Mnyamata akati, "Bwana, iyi ndiye saizi yanu yeniyeni, kuyesa n'kwaulere," inu muyankhe mofatsa kuti, "Achimwene, ubwana ndilibe, tandiuzani mtengo wa m'bale wanu." Kunenerera si ndewu, ndi macheza, ndipo onse awiri muyenera kusiyana mukuseka. Koma musafinye munthu mpaka kumuchotsa mpweya. Kumbukirani kuti mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika a mumzinda uno adayenda ulendo wa pansi mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za kukwera kwa mtengo wa mabelo. Nawonso ali ndi lendi, ali ndi ana a sukulu.

Mukatha apo, wolokani mtsinje pa timilatho tamitengo tija tomwe anyamata adakhoma okha, n'kumalipiritsa kangachepe aliyense wodutsa. Timagwedezeka, inde, ndipo nthawi ya dzinja madzi akakwiya timapita, koma eni ake amatikhomanso. Kutsidya kuli msika wa Lizulu, komwe mbatata ya kachewere, kabichi, tomato ndi anyezi zimatsika m'malole kuchokera ku Ntcheu ndi ku Dedza. Mayi wa nkhuku zake ku Area 47 ndi mayi wa geni ya mandasi ku Mchesi amagundana mapewa pamenepa, aliyense ndi chikwama chake. Kwa ine, awa ndi amodzi mwa malo ochepa mumzinda muno pomwe olemera ndi osauka amapondana zala popanda mlonda woimirira pakati.

Nkhani ya kudya ndiye musaivutikire. Lamulo lake ndi limodzi: tsatirani komwe kukudya anthu ogwira ntchito. Pamene pali mzere wa amakanika, oyendetsa minibasi ndi makalaliki, pamenepo chakudya sichigona, ndipo mphika womwe sugona sudwalitsa. M'timalesitilanti ta mumsika mumapeza nsima ya mgaiwa kapena yoyera, nyemba, chisoso kapena nkhwani wotendera, usipa, nkhuku ya lokolo, ngakhale mang'ina kwa okonda kumung'unya mafupa. Mukazolowerana ndi amayi ophika, muziwapatsa moni ndi kuwafunsa za ana kunyumba. Tsiku lina mudzaona chipande cha ndiwo chikubwerera kachiwiri m'mbale mwanu popanda kuwonjezera ndalama. Ku City Centre nakonso, ikakwana 12 koloko, taonani m'mene mataye amatsikira kuchokera ku Capital Hill kulunjika ku msika wa Area 13. Enanso amachita memo: kusonkherana ndalama anthu asanu kapena khumi, kugula ufa ndi ndiwo, wina n'kuwaphikira. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale denga lake likhale nkhomaliro.

Madzulo ndi nthawi ya chiwaya. Chipisi chotentha, kabichi wodula bwino, tsabola wa kambuzi, kanyenya pambali, kudya choimirira uku mukumva nkhani za mpira ndi ndale kwa anthu omwe simudawaonepo chibadwire. Onjezanipo zigege, zitumbuwa, chimanga chowotcha m'nyengo yake, ndi thobwa lozizira. Kuhotela mukalipira nsalu ya patebulo ndi foloko; pachiwaya mumalipira chakudya chokhacho.

Koma pano ndiime kaye, chifukwa kutchipa kwina kumathera kumanda. Kolera yomwe idabuka mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe adali m'gulu la maboma omwe adalira maliro ambiri, mpaka sukulu za mumzinda uno zidachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Choncho idyani chotentha chomwe chaphulidwa inu mukuona. Sambani m'manja ndi madzi othirirana, osati m'beseni lomwe mwasamba kale anthu makumi awiri. Saladi wosambitsidwa ndi madzi osadziwika komwe achokera, mupepeseni. Thobwa gulani kwa munthu yemwe mukudziwa ukhondo wake.

Tibwere ku nyimbo. Anthu ambiri amaganiza kuti nyimbo yabwino ndi yomwe ili ndi tikiti yodula. Nanga a Madalitso Band aja tidawaonera kuti? Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni adakhala zaka akuyenda wapansi kuchokera ku Mtandire, kumaimba m'misewu ya mumzinda uno, wina ndi babatoni wa chingwe chimodzi wopanga yekha, wina ndi gitala ya zingwe zinayi uku akugunda ng'oma ndi chidendene. Ambiri tinkawadutsa ngati sitikuwaona, ena kuwaponyera makobili mowanyoza. Mu 2017 adakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuvinitsa azungu m'maiko a ku Ulaya, omwe amalipira ndalama zambiri kuti amve zomwe ife tinkazimva ulele pafupi ndi depoti. Tsono mukamva banjo kapena gitala ikulira pakona ya msika, imani, mvetserani, ndipo musachoke osasiyako kanthu.

Komanso kuyambira mu 2014, ku Dzaleka m'boma la Dowa kwakhala kukuchitika chikondwerero cha Tumaini, chomwe adachiyambitsa mlakatuli wothawa kwawo ku Congo, Menes La Plume. Pakhomo salipiritsa. Mumangofuna ya minibasi ndi ya chakudya, n'kukaona oimba a kuno kwathu, a ku Congo, ng'oma za ku Burundi ndi magule a mitundumitundu, uku mukulawa chapati ya anthu a kumeneko. Taganizani, anthu omwe adathawa nkhondo ndiwo akutiphunzitsa eni dziko kuti chisangalalo sichifuna geti.

Za mabandi akuluakulu, nzeru yake ndi kusankha. Simungapite kulikonse komwe kwapachikidwa chikwangwani. Sankhani dansi imodzi pamwezi, kaya ndi ya Black Missionaries akabwera kuchokera ku Chileka, kaya ya Skeffa Chimoto, kaya ya Lulu ndi Mathumela, kaya Alleluya Band ya ku Balaka, n'kuisungira ndalama. Madansi a Lamulungu masana ndiwo abwenzi a munthu wosauka, chifukwa amatha minibasi zikadayenda. Makwaya a m'matchalitchi nawo amaimba mokoma osalipiritsa. Chinkhoswe chokha ndicho musachiyese chaulere: mumalowa ndi chimwemwe, koma pelekanipelekani akayamba, wolengeza n'kutchula dzina la mudzi wanu, mumatuluka m'thumba muli mbee.

Usiku weniweni wa Lilongwe ambiri amaudziwira ku Bwandilo, ku Area 47, komwe Chez Ntemba idatchukitsa rumba ya ku Congo ndipo utsi wa nyama yowotcha umakulandirani musadatsike n'komwe. Ena amakonda Devil Street ku Old Town, yomwe dzina lake likunena lokha. M'makomboni namonso muli mabala ndi matharaveni a chibuku momwe botolo lomwelo limatsika mtengo chifukwa choti mulibe kapeti. Kulikonse komwe mungasankhe, malangizo anga ndi awa. Idyani kaye nsima kunyumba, chifukwa njala ya pakati pa usiku ndi yodula. Ndalama yobwererera ipatuleni musadayambe, muibise m'sokosi, ndipo muiiwale mpaka nthawi yake. Yendani anthu atatu kapena anayi ochokera dera limodzi kuti mudzagawane mtengo wa takisi. Chenjerani ndi mwambo wogulirana maraundi, womwe umachititsa munthu wa malipiro a mlonda kumwa ngati mwini kampani. Timabotolo ta mowa waukali totchipa tija tasandutsa anyamata ambiri nkhalamba asadakwatire, tisiyeni. Ndipo Edzi siyang'ana kuti mwakumana ku hotela kapena ku Devil Street.

Kabaza wa njinga yamoto usiku ndi wachangu, koma funsani anamwino a ku chipatala cha Kamuzu Central za miyendo yomwe amaimanga tsiku ndi tsiku. Ngati woyendetsayo akununkha mowa kapena alibe chipewa choteteza mutu, musakwere. Bola kudikira kuche pamalo owala pomwe pali anthu.

Palinso nkhani ya vakabu, yomwe kwa zaka zambiri idali msonkho wa munthu wosauka woyenda usiku. Wa galimoto ankadutsa, wapansi ankagona m'chitolokosi. Mu 2015 apolisi ku Blantyre adagwira Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo, akupita ku geni yake m'bandakucha. Iye sadangolipira faindi n'kukhala chete monga tidazolowera. Adakatsutsa lamulolo, ndipo mu Januwale 2017 Khothi Lalikulu lidagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, lomwe ankagwirira anthu mwa njira imeneyi, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Dziwani zimenezi, ndipo muzinene mwaulemu koma mosaopa: kuyenda wapansi usiku si mlandu.

Mawu anga otsiriza apite kwa akuluakulu a khonsolo ya mzinda uno. Tsiku lililonse mavenda a pa Tsoka, pa Lizulu ndi m'misika ina amadula tikiti ya msika. Ndalama imeneyo izioneka. Tikufuna mipopi ya madzi pafupi ndi pomwe amayi akuphika, zimbudzi zosamalika, zinyalala zochotsedwa zisadafike mumtsinje, mlatho wolimba wa anthu oyenda pansi, ndi magetsi a mumsewu m'njira zolowera m'makomboni momwe achifwamba amadikirira anthu. Kolera ikabuka, kuthamangitsa wa chiwaya n'kosavuta, koma iye sadasankhe kuphikira pamalo opanda madzi. Ndipo bwanji osapatula bwalo limodzi ku Old Town, loti Loweruka lililonse masana oimba achinyamata aziimbapo ulele, mabanja n'kumabwera ndi ana awo? A Madalitso ena ali m'misewu momwemu, akungosowa poimirira.

Mzinda uno tidaumanga tonse, ndipo amene amausesa, kuulondera ndi kuuphikira ndi ife a thumba lobooka. Mwezi ukatha, patulani kangachepe, sitani malaya anu a pa Tsoka, itanani anzanu awiri, mukadye chiwaya ndi kuvina. Lolemba lidzakupezani ndithu, koma lidzakupezani mutapumako.