Buku la nthano si chotayitsa nthawi

Disembala akafika, anthu a ku Mzuzu amakumbukira moto wa mu 2015 umene udapsereza laibulale ya yunivesite ya mumzindawu, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa. Chichitikireni ngoziyo, nkhani ya mabuku ikabuka anthu amathamangira kutchula a mayeso ndi a kafukufuku. A nthano ndi ndakatulo amaiwalika, chonsecho ndi amene amam'patsa munthu chilakolako chowerenga.

Pafupi ndi depoti ya mabasi pamakhala mtsikana wina wogulitsa nthochi, buku lili pamwendo. Bukulo lilibe chikuto, masamba ake adada ndi manja a anthu ambiri, ndipo mwina adachita kusoka ndi ulusi wakuda. Mvula ikayamba kuwaza, amayamba wakulunga bukulo m'jumbo, nthochi pambuyo. Wogula akafika, amapinda ngodya ya tsamba, kupereka chenji, n'kubwerera pomwe adalekezera, milomo ikugwedera pang'onopang'ono. Sukulu adasiyira panjira, koma kuwerenga sadasiye.

Makolo ambiri amati nthano sizikhozetsa mayeso ndipo sizigula ufa. Dandaulo lawo n'lomveka, pakuti fizi imapweteka ndipo ntchito zikusowa. Koma mwana amene adazolowera kutsatira nkhani yaitali mpaka kumapeto savutika kumvetsa funso la mayeso, ndipo akagwira cholembera mawu samusowa. Kuposa apo, nthano imamuonetsa kuti moyo suthera pomwe maso ake alekezera. Mu 1958 mnyamata wina wa ku Chitipa, atawerenga mbiri za anthu amene adachoka mu umphawi chifukwa cha maphunziro, adanyamuka wapansi kukafuna sukulu ku America. M'katundu wake mudali Baibulo ndi The Pilgrim's Progress. Adayenda mpaka ku Khartoum, kenako sukuluyo adakaipeza ku Americako, ndipo mu 1965 adatulutsa buku lake lotchedwa I Will Try.

Ena amati foni yalowa m'malo mwa buku. Foni imathandiza ndithu, koma imafuna bandulo ndi magetsi, pomwe buku limodzi litha kuzungulira nyumba khumi ku Chibavi kapena ku Zolozolo popanda wolipira tambala. Choncho makolo, pogula makope ndi yunifolomu, muzikumbukiranso kabuku ka nthano, ngakhale kakaunjika, ndipo mwana akamaliza muloleni abwereke mnzake.