Mapiri ndi Miyala ya ku Machinga ndi Balaka

Munthu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde amayenda kamtunda ndithu m'tsinde mwa mapiri, Malosa ali kudzanja lake lamanzere. Akamayandikira Liwonde msewu umatsetsereka, kamphepo kozizira kaja kamatha, ndipo kutsogolo kumaoneka chigwa chachikulu cha Shire, chodzala ndi malambe ndi migwalangwa, chili tambalale mpaka ku Balaka. Ambiri amangoti tafika kotentha. Koma chigwa chimenechi sichinakumbidwe ndi mtsinje ayi. Nthaka inachita kutitimira, ndipo Shire anapeza njira ilipo kale.

Kuti timvetse zimenezi tiyambe talowa pansi. Kuchokera pomwe tapondapa kukafika pakatikati pa dziko lapansi pali makilomita pafupifupi 6,370. Chikhungwa cholimba chimene timalimapo ndi kumangapo nyumba n'chopyapyala: pansi pa mayiko ngati lathu chimangofika makilomita 35 kapena 40. Kunsi kwake kuli miyala yotentha koopsa, yofika makilomita 2,900 kuya kwake. Miyalayo si yamadzi, koma chifukwa cha kutenthako imasuntha pang'onopang'ono. Mkati mwenimweni muli chitsulo, chakunja chosungunuka, chapakati cholimba, ndipo kutentha kwake kumaposa madigiri 5,000. Dziko lili ngati phala longophulidwa kumene, limene pamwamba lagwira khungu koma pansi likadatakataka.

Chikhungwacho si chimodzi chathunthu. Chinagawikana m'zibenthu zikuluzikulu zimene zimayenda, zina kugundana, zina kutalikirana. Kuno kwathu zikutalikirana. Africa akung'ambika kuyambira ku Ethiopia, kutsika ndi Kenya ndi Tanzania, ndipo mng'alu wina unadutsa mwa ife: muli Nyanja ya Malawi, nyanja ya Malombe ndi chigwa cha Shire. Chibenthu chakumadzulo akatswiri amachitcha Nubia, chakum'mawa Rovuma, ndipo kummwera kuno zimasiyana ndi mamilimita osaposa awiri pachaka. Pa moyo wa munthu mmodzi n'zosaoneka, koma pa zaka mamiliyoni zinatsitsa nthaka yapakati n'kusiya zitunda uku ndi uku.

Umboni wakuti ntchitoyi ikadapitirira ulipo. Pa Mawira, kufupi ndi Liwonde, pali akasupe a madzi otentha. Ndi madzi a mvula omwewa, amene amalowa pansi kwambiri m'ming'alu, n'kutenthedwa ndi matanthwe, kenako n'kubwerera kumtunda. Umboni wina ndi zivomezi. Akuluakulu amakumbukira cha pa 10 Malichi 1989, chimene chinapha anthu ndi kugwetsa nyumba zambiri ku Salima, m'mng'alu womwewu.

Mapiri a ku Machinga ndi akale kwambiri kuposa chigwachi. Kumpoto kwa Malosa kuli mapiri anayi ondondozana kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo: Chikala, Chaone, Mongolowe ndi Chinduzi. Onsewa, pamodzi ndi Zomba, Malosa ndi Chinguni wa m'nkhalango ya nyama ya Liwonde, anabadwa pakati pa zaka 135 miliyoni ndi 110 miliyoni zapitazo, nthawi imene dziko lalikulu la Gondwana linkagawikana. Chiphalaphala chamoto chinakwera kuchokera pansi koma sichinatulukire kunja. Chinaumira mkati, pang'onopang'ono, pakati pa matanthwe akalekale a zaka zoposa 500 miliyoni. Mvula ndi mitsinje zinakokolola zonse zimene zinali pamwamba, n'kusiya mwala wolimbawo uli njo. Mukatola kachibenthu kake n'kukayang'anitsitsa padzuwa, muona timibulu toyera ndi totuwa tolumikizana, tina tonyezimira, ndi timadontho takuda apa ndi apo. Timibulu timakula chonchi pokhapokha mwala ukazizira mosafulumira. Dzina la mwalawu m'mabuku ndi syenite. Pa Malosa mibulu ina inakula zedi, ndipo anthu a m'midzi yozungulira amakwera kukakumba yakuda yosongoka yotchedwa aegirine, imene lero ili m'nyumba zosungiramo miyala m'mayiko ambiri. Kulimba ndi kuima chilili kwa mapiriwa kunathandizanso anthu pa nkhondo: Mfumu Kawinga inali ndi linga pa Chikala, ndipo asilikali a atsamunda analilanda mu 1895.

Tikawoloka Shire pa Liwonde, kumene kuli zitseko za madzi za Kamuzu Barrage zomangidwa mu 1965, timalowa m'boma la Balaka, limene linapatuka ku Machinga mu 1998. Kuno n'kwathyathyathya, mvula ndi yochepa, ndipo mijigo ina imatulutsa madzi amchere. Timapiri take n'tating'ono, koma tiwiri mwa ito n'tofunika kutidziwa bwino.

Koyamba ndi Chenkumbi, kumene kuli mwala wa laimu umene unaphikika pansi pa nthaka mpaka kusanduka woyera ndi wolimba. Anthu a kumeneko akhala akuwotcha laimu kwa zaka zambiri. Amaswa mwala ndi hamala, n'kuusanja mu uvuni mosinthanitsa ndi nkhuni, moto n'kumayaka usana ndi usiku. Mwala ukapsa umapepuka. Akauwaza madzi umalira, umafuka nthunzi yotentha, kenako umaphwanyika wokha n'kukhala ufa woyera mbee. Ndi ntchito yowawa, youmitsa manja ndi yolasa m'maso, ndipo yadya mitengo yambiri ya m'deralo. Mwala womwewu ndi umene amapangira simenti.

Kachiwiri ndi Kangankunde, kummwera kwa tauni ya Balaka, kotalika mamita pafupifupi 200 pamwamba pa chigwa. Wodutsa sangakacheukire kawiri, chonsecho m'maboma awiriwa mulibe phiri lina limene dzina lake lamveka kutali ngati ili. Kangankunde ndi mmero wa phiri lamoto lakalekale, la msinkhu umodzi ndi Chikala ndi anzake. Chiphalaphala chake chinali chachilendo, chokhala ngati laimu wosungunuka, ndipo mwala wotero amautcha carbonatite. Pa dziko lonse phiri limodzi lokha ndi limene likulavulabe chiphalaphala cha mtundu umenewu, Ol Doinyo Lengai wa ku Tanzania. Mu Africa, mwalawu anayamba kuuzindikira pa chilumba cha Chilwa, ndipo Frank Dixey, mkulu woona za miyala m'Nyasaland, analemba za mwalawu pamodzi ndi anzake mu 1937.

Kunja mwala wa Kangankunde ndi woderako, koma ukauswa umaonetsa timibulu tobiriwira totchedwa monazite. M'menemo ndi mmene muli zitsulo zosowa monga neodymium ndi praseodymium, zopangira maginito amphamvu a m'galimoto zoyendera magetsi ndi m'makina opukusa magetsi ndi mphepo. Akatswiri anakumba ndi kuyeza phirili kambirimbiri kuyambira nthawi ya atsamunda, koma mgodi sunkayamba, ndipo milandu ya chilolezo inachedwetsanso zinthu. Mu 2022 kampani ya ku Australia ya Lindian Resources inagwirizana zogula ntchitoyi pa madola 30 miliyoni, ndipo mu 2023 inalengeza kuti pali matani 261 miliyoni a mwala, umene pa makilogalamu 100 alionse awiri ndi pang'ono ndi zitsulo zosowazo. Chuma chotere chinatenga zaka mamiliyoni kuti chipangike ndipo chimakumbidwa kamodzi kokha. N'chifukwa chake m'poyenera kuti anthu a m'midzi ya m'tsinde mwake adziwe bwino lomwe zimene zikutuluka, ndi kuti ana awo aphunzire ntchito yoyeza miyala, osati yonyamula yokha.

Njanji ili pafupi ndi Kangankunde. Kuchokera pa Nkaya imawoloka Shire pa Liwonde n'kulunjika ku Nayuchi, pa ulendo wa kudoko la Nacala. Chakum'mawa kwa Machinga imayenda pamwamba pa chitunda chachitali cha mchenga chimene chinaunjikana kalekale n'kulekanitsa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta. Chiyambire pamenepo madzi a Chilwa alibe potulukira. N'chifukwa chake ndi amchere, ndipo pa zaka za chilala chachikulu, monga 1968 ndi 1995, nyanjayo inaphwa, asodzi n'kumayenda pansi pomwe ankapalasa bwato.