Sewero labwino la pa TV limayambira pa pepala

Anzanga, ukadutsa pa video show pa Liwonde, pa Ntaja kapena pa Ulongwe madzulo, umapeza anthu ali thithithi, DJ akumasulira m'Chichewa zimene akuyankhula anthu a ku Nigeria kapena ku Korea. Koma mwaona kusintha kwake? Ambiri sakufunanso filimu yotha tsiku lomwelo. Akufuna ma series, masewero opitirira aja oti gawo likatha lero, mawa ubwerenso. Nanga pa ambirimbiriwa, labwino timalidziwa bwanji?

Tiyambe ndi kwathu kuno. TV inafika mochedwa m'Malawi. Nthawi ya Kamuzu kunalibe, ndipo TVM inayamba mu 1999. Makolo athu anakulira pa wailesi ya MBC, kumvera Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino. Pa wailesi palibe nkhope, palibe zovala, palibe galimoto lokongola loti likubisire nkhani yofooka. Mawu akapanda mchere, womvera amangotseka. Ndiye olemba athu anaphunzira luso movutikira chonchi. Zimachitika, sewero la bungwe la Story Workshop, linayamba pa wailesi mu 1997 ndipo anthu analitsatira zaka zambiri. Tikuferanji, la Michael Usi amene tonse timamudziwa kuti Manganya, linkamveka pa wailesi ndi kuonekanso pa TV, likukamba za Edzi nthawi imene anthu ankaopa ngakhale kutchula dzina la matendawa. Manganya yemweyo anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu June 2024. Ndiye musamaderere anzathu a drama club.

Masiku ano zinthu zapita patsogolo pa zifukwa zingapo. Makamera anatsika mtengo. Ma TV anachuluka, monga Times, Zodiak ndi Mibawa, ndipo onsewa amafuna zoonetsa. YouTube nayo inatsegula khomo kwa achinyamata amene kale akanangokhala ndi nkhani yawo m'kope. Aneba athu a ku Zambia anapezerapo mwayi pa Zambezi Magic ya DStv ndi masewero ngati Zuba ndi Mpali, nkhani ya Nguzu, mlimi wachuma wamitala. Mafilimu athunso anaonetsa kuti tingathe: Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula inapata mphoto ya AMVCA ku Nigeria mu 2016, ndipo The Road to Sunrise ya Shemu Joyah inapatanso mu 2018.

Koma kamera yowala si ndiye sewero. Ine ndimayang'ana kaye anthu ake. Munthu wa m'sewero labwino amafuna chinachake mpaka kusowa tulo, ndipo pali chomutsekereza. Akalakwa, umamvetsa chifukwa chake ngakhale ukumudzudzula. Taganizani za nyumba yamitala ngati ya Nguzu: mkazi aliyense ali ndi mantha ake, ana ake ndi chiwembu chake, ndiye sungangoti uyu ndi mngelo, uyo ndi mfiti. Sewero lofooka limachita zosiyana. Woipa amakhala woipa kuyambira gawo loyamba mpaka lomaliza, popanda chifukwa. China chimene chimanditopetsa ndi ulaliki. Nkhani ili mkati, mwadzidzidzi mayi wina n'kuyamba kulakatula uthenga wa ukhondo ngati akuwerenga chikwangwani cha kuchipatala. Uthengawo ngwabwino, eya, koma ukanalowa kudzera m'zochitika, bwenzi tikuukumbukira mpaka lero.

Tcheraninso khutu. Ngati mphepo ikuuluza mawu kapena nyimbo ikuphimba zoyankhula, dziwani kuti anajambula mothamanga.

Pali kamsampha kena koti tikadziwe, makamaka inu a Fomu 4. Wolemba amadula gawo dala pamene mtima uli m'mwamba: chitseko chikutseguka, foni ikulira, kenako mayina n'kuyamba kukwera. Ndi luso lovomerezeka, koma masewero ena alibe china koma chimenechi. Umaonera magawo khumi, bandulo yatha, nthawi yowerenga yapita, nkhani ili pomwe inali. Kuyesa kwake n'kosavuta: mawa lake fotokozera mnzako zimene zinachitika. Ukapeza kuti zonse zakwana m'chiganizo chimodzi, ameneyo anakudyera ndalama.

Chimene chimandiwawa n'chakuti masewero ambiri amachitikira m'nyumba za mpanda ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Lusaka. Chiyao, chimene ambirife timayankhula kunyumba, sitichimva kawirikawiri. Koma taonani nkhani zili pakhomo pathu: msodzi wa pa nyanja ya Chilwa madzi akaphwa, mayi wogulitsa nsomba pa Liwonde amene mwamuna wake anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni, mtsikana wa Fomu 2 amene amalume ake amupezera kale mwamuna. Iliyonse mwa izi ingakwane magawo makumi awiri. A drama club, kope ndi cholembera muli nazo, ndipo gawo loyamba tingaliyesere pansi pa mtengo Lachisanu tikaweruka.