Laputopu yakale musaitaye, koma musaisiyenso choncho: Windows 10, Linux ndi zinsinsi za makasitomala athu

 Lero sindikamba za mtengo wa bale kapena reti ya kwacha. Nkhani yanga ikukhudza aliyense amene amalemba mabuku a geni yake pa laputopu.

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Ambiri sitinadziwe n'komwe, chifukwa tsiku limenelo makina anayaka bwinobwino ngati masiku onse, ndipo akuyakabe. Chimene chinasintha n'chakuti mabowo atsopano amene mbava za pa intaneti zikupeza mu Windows 10 sakutsekedwanso. Zili ngati mwini nyumba wakuuzani kuti shopu pitirizani kugulitsiramo, koma loko akathyoka musandiimbire.

Ine geni yanga ndi kukonza ndi kugulitsa malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito, ndiye ndimadziwa zimene zimakhala m'makinawa. Mumakhala mayina a angongole, manambala a makasitomala, masitetimenti a ku banki, zithunzi za mapasipoti ndi mapemiti a anthu amene tinawatumizira katundu kumudzi, komanso mapasiwedi amene browser inasunga. Zambiri mwa zimenezi si zathu n'komwe. Ndi za anthu amene anatikhulupirira, ena mwa iwo oti mapepala awo akagwera m'manja molakwika akhoza kuona zakuda.

Wina anena kuti ndani angalimbane ndi kageni kanga kakang'onoka. Abale, mavairasi sasankha. Mu Meyi 2017 vairasi yotchedwa WannaCry inakiya makompyuta m'mayiko oposa 150 n'kumafuna dipo, ndipo ku Britain zipatala za NHS zinachita kubweza odwala. Bowo limene inalowera, Microsoft inali italitseka kale mu Malichi chaka chomwecho. Amene analira ndi amene makina awo sanalandire update. Tsono taganizani makina oti update sadzalandiranso mpaka kalekale.

Njira zimene zilipo

Njira yoyamba ndi kukwera kupita pa Windows 11. Ngati laputopu yanu ikulola, chitani zimenezo, nkhani yatha. Vuto ndi lakuti Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko. Kwa Intel, kawirikawiri kuyambira 8th generation, amene anayamba kutuluka mu 2017. Malaputopu ambiri amene timagula otchipa ndi akale kuposa pamenepo.

Njira yachiwiri ndi kulembetsa pulogalamu ya Microsoft yotchedwa ESU, imene inawonjezera chaka chimodzi cha ma update, mpaka Okutobala 2026. Uku ndi kugula nthawi chabe. Yachitatu ndi kugula makina atsopano, koma tonse tikudziwa kuti ndalama imeneyo ichoka pa mpamba. Yachinayi, imene anyamata ambiri a m'tauni angakuuzeni, ndi kuikamo Windows ndi Office zakuba, zija amati zokiraka. Yachisanu ndi imene ndikufuna tikambirane: kuchotsa Windows n'kuikamo Linux, imene ili m'gulu la mapulogalamu otchedwa open source.

Bale lomanga ndi bale lotsegula

Pulogalamu iliyonse imalembedwa ndi anthu. Amalemba malangizo, mzere ndi mzere, ouza kompyuta chochita, ndipo malangizowo amawatcha code. Makampani ambiri code yawo amaibisa. Inu mumalandira chomaliza basi, ngati bale la kaunjika lomanga ndi mawaya: mwalipira, koma zam'kati mukhulupirire wogulitsa. Open source ndi bale lotsegula. Code yake ili poyera, aliyense wodziwa akhoza kuiwerenga, kuona ngati ikutumiza zinthu zanu kwina mwakabisira, kukonza polakwika, ngakhale kuigawira ena, ndipo layisensi yake imalola zimenezo.

Linux anaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991, ali mwana wa sukulu pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Lero makompyuta ambiri amene amanyamula mawebusaiti a padziko amayendera Linux, ndipo foni ya Android imene mukuwerengerapo nkhaniyi mtima wake ndi Linux yomweyo. Ndiye si chinthu chachilendo, mwakhala mukuyenda nacho m'thumba.

Linux ya pa laputopu imabwera m'mitundu yambiri. Wotchuka kwambiri ndi Ubuntu, umene unatuluka mu Okutobala 2004. Anauyambitsa ndi Mark Shuttleworth, wobadwira ku Welkom konkuno ku South Africa, ndipo dzinalo ndi lija la Chizulu ndi Chixhosa limene kwathu timati umunthu. Koma kwa munthu wozolowera Windows ine ndimamuikira Linux Mint, imene inamangidwa pa Ubuntu. Maonekedwe ake ndi ozolowereka: batani la menyu pansi kumanzere, mafoda, wotchi pakona. Imayenda pa RAM ya 2GB, ngakhale 4GB ndiye imapuma bwino, ndipo Mint 22 izilandira ma update mpaka 2029. Kulipira ayi, kubanso ayi.

Kodi igwira ntchito yathu?

Funso lenileni ndi limeneli, chifukwa wageni safuna nthano. Buku la ngongole ndi sitoko mumalemba mu LibreOffice Calc, imene imatsegula mafayilo a Excel n'kusunganso mu mtundu womwewo. Mafomula wamba monga SUM amagwira chimodzimodzi. Ma invoice ndi makalata mumalemba mu LibreOffice Writer n'kutulutsa PDF pompo. LibreOffice imayendetsedwa ndi bungwe losachita phindu la The Document Foundation kuyambira 2010, ndipo iliponso ya pa Windows, choncho mukhoza kuyamba kuizolowera lero musanasinthe china chilichonse. Banki, imelo, Facebook ndi WhatsApp Web zonse zimatsegula pa Firefox kapena Chrome. Zithunzi za katundu mukhoza kuzikonza pa GIMP.

Zovuta ziliponso, ndisakunamizeni. Microsoft Office yeniyeni ndi Photoshop sizilowa mwachindunji pa Linux. Mapulogalamu ambiri ofulashira mafoni ndi ena a akawunti anapangidwira Windows yokha. Fayilo ya Excel yodzaza ma macro ikhoza kusokonekera. Mapulinta ena, makamaka tija tosindikiza malisiti, amavuta. Ndiye musafufute kanthu musanayese. Linux Mint imaikidwa pa fulashi, n'kuyatsa laputopu kuchokera pa fulashipo osakhudza Windows yanu. Yesani Wi-Fi, pulinta, kamera ndi mafayilo anu. Zikayenda, samutsani mafayilo onse kaye, kenako ikani. Zikakana, mwangotaya ola limodzi basi.

Chaulere chilichonse si open source

Apa ndi pamene ambiri timasokoneza. Office yokiraka ndi yaulere, koma ndi bale lomanga limene munthu wosadziwika analimasula usiku, n'kuikamo zake, n'kulimanganso. Kuti ilowe, amakuuzani kuti muzimitse kaye antivirus. Tamvani bwino pamenepo: mukuthamangitsa mlonda kuti mlendo alowe. Chimodzimodzi ma WhatsApp osavomerezeka monga GB WhatsApp amene ena amakonda chifukwa cha timasitayilo. Code yake palibe amene akuiona, mauthenga anu ndi a makasitomala akudutsa mmenemo, ndipo eni WhatsApp amatseka manambala ogwiritsa ntchito zoterezi. Nambala ya geni ikatsekedwa, makasitomala a zaka zisanu apita nayo.

Komanso open source si mankhwala a zonse. Mu Malichi 2024 kunadziwika kuti munthu wina wodzitcha Jia Tan anakhala zaka ziwiri ndi kuposa akuthandiza pa kapulogalamu kotchedwa XZ Utils, kamene kamapezeka pafupifupi mu Linux iliyonse. Atakhulupiriridwa, anabisamo khomo lachinsinsi lolowera m'makompyuta a anthu. Amene anamugwira ndi katswiri wina, Andres Freund, ataona kuti kulowa mu makina ake kukuchedwa ndi theka la sekondi. Anafufuza mpaka anapeza, ndipo zinatsekedwa zisanafike kwa anthu ambiri. Tikuphunzirapo ziwiri. Akathyali amalowa paliponse, ngakhale mu chipereganyu cha anthu a tchalitchi chimodzi. Koma anagwidwa chifukwa mabuku anali poyera, munthu wakunja anatha kuwerengera yekha. N'chifukwa chake lamulo ndi limodzi pa Windows ndi pa Linux pomwe: tengani mapulogalamu pamalo ake enieni, ndipo update ikabwera musamaikanize.

Zinsinsi za makasitomala

Amene tili ku South Africa tidziwe kuti kuli lamulo la POPIA, limene linayamba kuluma mokwanira pa 1 Julayi 2021. Limakhudza aliyense wosunga mayina, manambala kapena ma ID a anthu chifukwa cha bizinesi, osati makampani akuluakulu okha, ndipo chindapusa chake chimafika R10 miliyoni. A ku Britain muli ndi UK GDPR. Mfundo yake ndi yosavuta: tengani zokhazo zimene mukufunikira, zisungeni mosamala, ntchito ikatha zifufuteni. Ngakhale patakhala popanda lamulo, chithunzi cha pasipoti ya mayi amene munawatumizira firiji chaka chatha chikutani mu foni yanu lero?

Zochita zake nazi, ndipo zambiri sizidya ndalama. Poika Linux Mint pali posankha kuti disiki yonse ikhale encrypted. Sankhani pamenepo, kuti laputopu ikabedwa mu taxi wakubayo apeze chitsulo chabe. Koma pasiwedi yake muisunge bwino, mukaiiwala palibe angakutsegulireni. Mapasiwedi asamakhale amodzi paliponse. KeePassXC kapena Bitwarden, zonse za open source, zimakusungirani onse inu n'kumakumbukira imodzi yokha. Pa WhatsApp yatsani two-step verification, ndipo manambala 6 aja amabwera pa SMS musapatse munthu, ngakhale uthenga uoneke ngati wachokera kwa mchimwene wanu. Mauthenga a WhatsApp ndi otsekedwa kuyambira 2016 ndi njira imene anabwereka kwa Signal, pulogalamu ya open source, koma backup yopita ku Google Drive kapena iCloud muyenera kuiyatsira nokha end-to-end encryption mu settings. Ndipo pogulitsa kapena kupereka laputopu yakale, kufufuta mafayilo n'kukhuthula bin sikokwanira, amabwezeka. Disiki ipukutidwe yonse.

Chizolowezi china ndinabwereka kwa olemba mapulogalamu. Iwo salemba pamwamba pa ntchito ya dzulo n'kuitaya. Amasunga mbiri ya kusintha kulikonse pogwiritsa ntchito Git, imene Torvalds yemweyo anapanga mu 2005. Ife Git sitikuifuna, koma nzeru yake tiitenge. Loweruka lililonse sungani buku la ngongole ndi dzina lokhala ndi deti, monga ngongole-2025-11-29, ndipo la sabata yatha lisiyeni. Kope imodzi ikhale pa laputopu, ina pa fulashi yosagona mu shopu. Kasitomala akadzati ndinalipira kale, mumatsegula la mwezi umenewo, mkangano watha.

Za makanema pang'ono

Ndikudziwa laputopu yomweyo usiku imasanduka TV. VLC, imene inayambira pa sukulu ya École Centrale Paris ku France, ndi ya open source ndipo imasewera pafupifupi kanema wa mtundu uliwonse. Ndiye webusaiti ikakuuzani kuti dawunilodani player yapadera kuti filimu ioneke, thawani, ndi msampha umenewo. Fayilo ya filimu sithera ndi .exe.

Amene simunaonere The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, ipezeni pa Netflix. Anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, anaijambulira ku Kasungu, ndipo mbali yaikulu akuyankhula Chichewa, ngakhale Chichewa cha ena mwa osewerawo chingakusekeni. Poonera, yang'anitsitsani pamene William Kamkwamba akupeza nzeru zake: mu kalayibulale kakang'ono, m'buku lokhala ndi zithunzi zoonetsa mmene makina amagwirira ntchito, ndi ku dzala la zitsulo zimene ena anataya. Bukulo likanabisa zam'kati, makina amphepo aja sakanaima. Open source mfundo yake ndi yomweyo.

Sabata ino chitani zitatu. Onani ngati laputopu yanu ili pa Windows 10 komanso ngati ikulola Windows 11. Koperani mabuku a geni pa fulashi. Fufutani zithunzi za mapepala a anthu zimene ntchito yake inatha. Za Linux musathamange, yesani kaye pa fulashi tsiku lopanda makasitomala ambiri. Amene mwakakamira penapake, lembani mtundu wa laputopu ndi kukula kwa RAM pansipa tithandizane, koma pasiwedi kapena chithunzi cha sikirini yoonetsa mayina a makasitomala musaike pagulu pano. Geni yabwino nonse.